Mbale imodzi kapena ziwiri pa kalanka? Thandizeni kusankha mlamu asananyamuke ku Joni

Bambo a Tadala (Chilomoni): Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndabwera ndi nkhani yofuna nzeru zanu. Mlamu wanga akubwera kuchokera ku Johannesburg kumapeto kwa mwezi uno, ndiye wandipezera njinga ziwiri za gravel (zoyendera misewu yafumbi ndi ya miyala) zoti ena anakwerapo kale, akuti ndisankhepo imodzi. Zonse ndi saizi yanga, mtengo sukusiyana kwenikweni. Posiyana ndi pa magiya. Yoyamba ili ndi SRAM Apex 1, mbale imodzi (giya ya kutsogolo) pa kalanka ya mano 40, kumbuyo cassette (mulu wa magiya a pa wilo) ya 11-42, kutanthauza giya yaing'ono mano 11, yaikulu 42, magiya onse 11. Inayo ndi Shimano GRX RX400, mbale ziwiri 46/30, kumbuyo 11-36, magiya 10. Ine ndimayenda kwambiri m'misewu yafumbi ya mbali ya Michiru mpaka kukatulukira ku Chileka, masiku ena ku Nguludi. Zaka zanga ndi 47, ndipo bondo lakumanja limadandaula ndikalikakamiza pa chitunda. Ndalama yake ndi ya thukuta, sindikufuna kudzagwira njakata mawa. Alipo amene anakwerapo mitundu yonse iwiri?

Liwiro_Kanjedza: Madala, tengani Apex yo basi. Ine chisiyireni mbale ziwiri sindinazilakelakenso. Dzanja lamanja lokha ndilo limasintha magiya, lamanzere ntchito yake ndi buleki. Ukamatsika pa mabampu tcheni sichiguluka chifukwa mano a mbale ija anawapanga lina lonenepa lina lowonda, amachigwira ngati nkhanu. Derailleur ya kutsogolo, kachipangizo kosamutsa tcheni pa mbale kaja, ndi za makedzana izo 😂

Kabaza wa pa Lunzu: Yanga ili ndi giya imodzi yokha koma imanyamula mayi, mwana kumsana ndi thumba la chimanga. Inu magiya 20 mukunyamula botolo la madzi.

Liwiro_Kanjedza: Aise, pa chitunda si umamutsitsa kasitomala n'kumakankha? Timakuonanitu.

Kabaza wa pa Lunzu: Amatsika yekha, amafuna kuwongola miyendo.

Aphunzitsi (Soche): Tisanayambe kukangana za mayina a makampani, tiyeni tiwerenge kaye mano, chifukwa bondo la bambo a Tadala silidziwa kuwerenga chizindikiro cha pa liva. Giya yopepuka kwambiri imapezeka potenga mano a mbale yaing'ono n'kugawa ndi mano a giya yaikulu ya kumbuyo. Pa Apex ndi 40 kugawa ndi 42, yankho 0.95. Pa GRX ndi 30 kugawa ndi 36, yankho 0.83. Tayala la 700x40 (la mamilimita 40 m'lifupi) likazungulira kamodzi limayenda pafupifupi mamita 2.2. Ndiye mukapalasa kamodzi pa giya yopepukayo, Apex ikuyendetsani mamita 2.1, GRX mamita 1.8. Pa pepala zikuoneka ngati zachibwana, masentimita 30 okha. Koma pa chitunda cha miyala, njinga ikuyenda ngati nkhono, kusiyana kumeneku ndi kumene kumachititsa kuti wina akhalebe pa chishalo akuzunguza miyendo, wina aimirire n'kumapondereza ndi thupi lonse. Ndipo pa fumbi ukangoimirira, tayala la kumbuyo limayamba kuterereka chifukwa wachotsapo kulemera.

Pa giya yolemera kwambiri naponso: 40 kugawa ndi 11 ndi 3.64, pamene 46 kugawa ndi 11 ndi 4.18. Mukamapalasa maulendo 90 pa mphindi, Apex ikufikitsani pa makilomita 43 pa ola, GRX pafupi ndi 50. Kunena zoona mbali imeneyi ilibe ntchito kwenikweni kwa ife. Pa 43 mumsewu wa Chileka, ndi ma minibasi aja, ine ndimakhala ndagwira kale mabuleki.

Bambo a Tadala (Chilomoni): Aphunzitsi mwanditsegula m'maso. Ine ndimaona ngati 42 poti ndi yaikulu kuposa 36, ndiye kuti Apex ndiyo yopepuka pa chitunda.

Aphunzitsi (Soche): Ambiri amagwera m'mbuna yomweyo. Giya ija yaikulu ngati mbale ya nsima imakopa maso, munthu n'kuiwala kuyang'ana kutsogolo.

Liwiro_Kanjedza: Koma aphunzitsi musanamize anthu, magiya 20 aja si 20 enieni. Ambiri amangobwerezana. Komanso mbale ya 40 ikhoza kuchotsedwa n'kuikapo yaing'ono.

Aphunzitsi (Soche): Pamenepo wanena zoona mwanawe, angapo amabwerezanadi, ndipo pali ena oti suyenera kuwagwiritsa ntchito, monga mbale yaing'ono ndi giya yaing'onong'ono kumbuyo, tcheni chimayenda chopingasa. Za kusintha mbale n'zothekanso, bola upeze yogwirizana ndi mabauti a kalanka yakeyo. Ya 38 ikupatsa 0.90, ya 36 ikupatsa 0.86. Onatu, wagula mbale yatsopano, wataya liwiro la pa giya yolemera, koma 0.83 uja sunamufikebe.

Anaphiri (Namiwawa): Moni achimwene. Ine za masamu ndasiyira aphunzitsi, ndinene za manja. Ndinayamba ndi SRAM ya mbale imodzi, pano ndili pa GRX ya mbale ziwiri, ndiye zonse ndazilawa.

SRAM ili ndi kachitsulo kamodzi kuseri kwa liva ya buleki, amati DoubleTap. Ukakankha pang'ono, tcheni chimatsikira ku giya yolemera. Ukakankha mopitiriza mpaka mkati, chimakwera ku yopepuka. Pa tala zimakoma, imalira kuti "kwa!" umadziwa kuti yalowa. Vuto langa linali pa msewu wa mabampu ang'onoang'ono aja okhala ngati malata, monga umakhalira msewu wafumbi mwezi wa September magalimoto akaupondaponda. Dzanja likunjenjemera, zala zachita dzanzi, ukufuna giya yopepuka chifukwa chitunda chayamba, ukukankha koma osafikitsa mkati, n'kupezeka walowetsa yolemera. Pomwepo njinga n'kuima. Zinandichitikira kangapo m'miyezi yoyambirira, kenako dzanja linazolowera, koma ndikatopa kwambiri zimabwereranso. Manja anga ndi aang'ono, mwina amuna sizikuvutani.

Ya Shimano ili ndi ziwiri: liva ya buleki yomweyo umaikankhira mkati kuti upepukitse, kaliva kakang'ono kuseri n'kolemeretsa. Susokoneza. Ndipo imalowa mofewa, mwakachetechete. Koma nayo ili ndi pake: poti liva ya buleki imasunthira m'mbali, ena amadandaula kuti potsetsereka pa miyala chala chimatha kuikankha osafuna. Ya SRAM liva ya buleki ndi yokhazikika, imangobwera kumbuyo basi, ndipo chimenecho ndimachisowa.

Chinanso, zonse ziwiri zili ndi kasikuluwu kobweretsa liva pafupi ndi handulo. Ndinayenda chaka chathunthu ndikutambasula zala ngati ndikuthyola mango, osadziwa kuti kalipo. Tsiku limene anandisinthira, kupweteka kwa pa mkono kunatha sabata yomweyo.

Bambo a Tadala (Chilomoni): Zikomo achemwali. Nanga mbale ziwirizo sizikuvutani m'matope?

Anaphiri (Namiwawa): Zimavuta, sindibisa. February wapitayu tinalowa njira ina ya kuseri kwa Chigumula mvula itangokata. Dothi lofiira lija linamatirira pa tayala, tayala n'kumakalipaka pa derailleur ya kutsogolo mpaka inasanduka chigumu. Kukankha liva, zii. Ndinatsika, n'kuthyola kamtengo ka m'mbali mwa munda wa chimanga, n'kumakolokosa, ana atandizungulira akuseka. Mnzanga wa mbale imodzi anangodutsa. Koma naye patsogolo pang'ono anatsika, matope atatseka pakati pa tayala ndi felemu. Dothi la kuno likafuna kukuimitsa silifunsa kuti uli ndi mbale zingati.

Liwiro_Kanjedza: Mwamva madala? Umboni ndi umenewo.

Anaphiri (Namiwawa): Iwe, umboni wa masiku angati pa chaka? Zitunda zilipo January mpaka December.

Amisiri a pa Limbe: Ndawerenga zonse, tsopano mundilole ndilankhule ine amene ndimagwira njinga zanu zikafa.

Choyamba, njinga zambiri zimene zimabwera kwa ine mwini wake akuti "magiya sakulowa, ndigule zina zabwino", vuto silikhala mtundu wa magiya. Zinthu zake ndi zitatu zomwezomwezo. Hanger yapindika, kebulo yadzaza fumbi, kapena tcheni chatha. Hanger ndi kachitsulo kofewa kamene derailleur ya kumbuyo imamangidwapo, anakapanga dala kuti kazipindika kapena kuthyoka m'malo mwa felemu. Njinga ikangogwera mbali ya kumanja, ngakhale itangotsamira pakhoma n'kugwa yokha, kamapindika pang'ono, moti ndi maso simungaone. Zikatero mukakonza magiya a pansi, a pamwamba amalumpha. Mukakonza a pamwamba, a pansi amalira. Ndipo magiya akachuluka kumbuyo, mpata pakati pawo umachepa, ndiye kupindika kochepa komweko 8 amakukhululukirani, 10 amang'ung'udza, 12 amakaniratu.

Za kebulo, sabata yatha ndinasolola ya njinga ina imene imayenda njira ya ku Machinjiri tsiku ndi tsiku. Nditagogoda chikopa chake pa tebulo, munatuluka ufa wofiira ngati wa chigayo, wosakanikirana ndi girisi. Mwini wake anali atatsala pang'ono kuitanitsa ma liva atsopano. Kebulo yatsopano ndi chikopa chake, basi njinga inakhala ngati ya mu shopu.

Tcheni nacho chimatalika chikamatha. Pali kachitsulo koyezera. Cha magiya 11 kapena 12 chimasinthidwa chikafika pa 0.5, cha magiya 10 mutha kudikira mpaka 0.75. Mukachedwa chimadya mano a cassette, ndiye mugula zonse ziwiri. Pa mbale imodzi dziwaninso kuti ntchito yonse ikugwera mbale imodzi yomweyo, komanso mukakhala pa giya ya 42 tcheni chimakhala chopingasa ndithu, ndipo kuno pa giya imeneyo ndi pamene mumakhala nthawi yaitali.

Chachiwiri, funsani kuti chikatha mukachipeza kuti. Cassette ya 11-36 ya magiya 10 ndi yomwe ija ya njinga za m'mapiri za Deore, ndipo njinga zoterozo zimabwera zambiri zakaunjika, tikhoza kuphwasula ina n'kupezapo. Ma liva a Tiagra 4700 amagwirizananso ndi RX400. Koma chenjerani, derailleur ya Deore ya magiya 10 siigwirizana ndi ma liva a GRX ngakhale zonse ndi Shimano, kakokedwe ka kebulo n'kosiyana. Ku mbali ya Apex nako si koipa monga anthu amaganizira, cassette ya Shimano ya 11-42 ya magiya 11 imalowa pa wilo lomwelo ndipo imagwira bwinobwino, tcheni cha KMC cha 11 chimayendanso. Chovuta ndi liva kapena derailleur yeniyeniyo ikathyoka. Pamenepo mudikira wa ku Joni.

Mtchona wa ku Joni: Mwanditchula amisiri, ndafika 😄 Moni kumudzi. Koma abale, bwanji mukukambirana za makebulo ngati tili mu 2015? Ine ndili pa SRAM AXS XPLR, 10-44, magiya 12, yopanda waya ngakhale umodzi. Batani la kumanja kulemeretsa, la kumanzere kupepukitsa. Vuto la Anaphiri lija la kukankha osafikitsa kulibe, ungodina ngati foni. Fumbi la amisiri lilibe polowa chifukwa kebulo palibe. SRAM amati batire limatha maola pafupifupi 60 ukukwera, ndipo kutchaja ndi ola limodzi lokha. M'ma liva muli timabatire ta CR2032, tomwe tija ta mu sikelo. Munthu wa zala zotopa kapena wa nyamakazi, palibe chomuposa chimenechi.

Kabaza wa pa Lunzu: Njinga yotchaja ngati foni? Ndiye magetsi akazima masiku awiri, imakhala pa mzere limodzi ndi mafoni kwa a baba shopu?

Mtchona wa ku Joni: Power bank imatchaja bwinobwino aise. Komabe ndivomere, tsiku lina ndinafika poyambira ulendo, makilomita 30 kuchoka kunyumba pa galimoto, n'kupeza batire ndalisiya pa tchaja kukhitchini. Ndinayenda tsiku lonse pa giya imodzi ngati iwe.

Kabaza wa pa Lunzu: Takulandirani ku ntchito yathu bwana.

Amisiri a pa Limbe: Chakomachakoma pusi anagwa chagada. Ya magetsiyo imasintha bwino, ndinaigwirapo, sindikutsutsa. Koma derailleur yake imodzi mtengo wake ndi njinga yathunthu yakaunjika. Mwala umodzi wa ku Mpemba ukaigunda, njinga ikhala pakhoma miyezi. Chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 uja, ndi kusowa kwa ndalama zakunja, chilichonse choitanitsa chimafika mtengo utabereka ana. Komanso tcheni chake ndi cha Flattop, chapaderadera, ndipo cassette yoyambira pa mano 10 imafuna freehub (chitsulo cha pa wilo chokhalapo cassette) ya XDR. Si zoti ungatole pa msika wa Ndirande.

Mtchona wa ku Joni: Ndiye ndisatchule n'komwe za Red XPLR ya magiya 13 ija inatuluka mu 2024, ya 10-46? Derailleur yake ilibe n'komwe hanger, imamangidwa pa felemu penipeni, koma felemu yake ikhale ya mtundu wa UDH, wolola mamangidwe amenewo.

Aphunzitsi (Soche): Campagnolo anayamba kale za 13 mu 2020 ndi Ekar, ya makebulo. Ndinaiona pa YouTube pokha. Ku Blantyre kuno ukadula tcheni chake ndiye kuti wagula chokongoletsera pabalaza.

Koma pamene tafika apa, ndinene chimene chimandisangalatsa ine. Shimano anatulutsa GRX mu 2019, ndipo ya mbale imodzi ya nthawi imeneyo inkathera pa 42 kumbuyo, chimodzimodzi Apex ya bambo a Tadalayi. Pofika 2023 anatulutsa ya magiya 12, RX820, yotha kunyamula 10-51. Ndi mbale ya 40 imeneyo ikupatsa 0.78, kupepuka kuposa mbale ziwiri zija. SRAM nawo chaka chomwecho anabweretsa Apex ya 12 yotha kugwira ndi cassette ya Eagle ya njinga za m'mapiri. Ngakhale microSHIFT Sword, yotsika mtengo, ya magiya 10, ili ndi 11-48, ndipo 40 kugawa ndi 48 ndi 0.83 yemwe uja. Kutanthauza kuti opanga okha anaona kuti 42 sakukwanira kwa anthu a kumapiri. Ndiye ine sindidana ndi mbale imodzi ayi. Ndikungoti mbale imodzi imene ili pa tebulo lero ndi ya m'badwo wakale uja, ndipo wokwerapo wake ali ndi bondo lodandaula.

Liwiro_Kanjedza: Ine yanga ndi 40 ndi 11-42 yomweyo, ndipo ndinakwera nayo chitunda cha Chikwawa kuchokera pa Thabwa osatsika.

Aphunzitsi (Soche): Uli ndi zaka zingati?

Liwiro_Kanjedza: 23.

Aphunzitsi (Soche): Ndiye ukanakwera ngakhale pa wilibala. Komanso kuja ndi tala. Kuchoka m'chigwa cha Shire, pafupi mamita 100 pamwamba pa nyanja, kufika kuno kopitirira 1,000, n'kutali ndithu, koma tayala limagwira pansi, utha kuimirira. Kayese njira za m'mbali mwa phiri la Soche zimene zinakumbika ndi madzi a Freddy mu March 2023, pamene pamafunika kukhala pansi n'kumazunguza miyendo mofatsa kuti tayala lisataye.

Nambewe (Chirimba): Pepani kulowerera, ine ndine watsopano, ndili pa Sora ya magiya 9 ya kalekale. Funso langa ndi la phokoso. Ndikamatsika pa miyala tcheni chimamenya felemu, penti yonse inachoka, nthawi zina chimaguluka pa kalanka. Kodi zimenezi zimatha ndi mbale imodzi yokha?

Amisiri a pa Limbe: Ayi mayi, chimene chimathetsa zimenezo ndi klatchi ya mu derailleur ya kumbuyo, imene imakoka tcheni kuti chisamakupize. Njinga zonse ziwiri za bambo a Tadala zili nayo. Ya GRX ili ndi kaswitchi koyatsa ndi kuzimitsa klatchiyo, mukamachotsa wilo mumaizimitsa. Mukaiyatsa, liva imalemerako pang'ono posintha, n'chifukwa chake ena pa tala amaizimitsa. Ya Apex ilibe kaswitchi, koma ili ndi kabatani kogwira mkono wa derailleur kuti wilo lituluke mosavuta. Yanu ya Sora ilibe klatchi. Pakali pano dulani chubu chakale mukulunge pa felemu pamene tcheni chimamenyapo, ndipo mukamatsetsereka muzikhala pa mbale yaikulu ndi giya ya pakati kumbuyo, tcheni chimakungika. Mubwere ndidzaonenso ngati sichinatalike.

Nambewe (Chirimba): Zikomo kwambiri amisiri, za mbale yaikuluzo sindimadziwa.

Anaphiri (Namiwawa): Pali china chimene sitinakhudze. Tikamayenda pagulu pa tala, monga pobwerera kuchokera ku Nguludi, mbale imodzi inkandisowetsa mtendere. Giya iyi yalemera, yotsatira yapepuka kwambiri, yapakati palibe. Umangosinthasintha.

Aphunzitsi (Soche): Kuchoka pa mano 11 kupita pa 13 ndi kulumpha kwa 18 peresenti. Koma chilungamo chake, 11-36 ya magiya 10 nayonso imayamba 11, 13, 15, 17, chimodzimodzi. Kusiyana n'koti pa mbale ya 46 liwiro la pagulu limakupezani pakati pa cassette, pa 15, 17, 19, pamene mipata yake ndi yocheperako, pomwe wa 40 amakhala atatsikira kale kumapeto. Ofuna mipata yothinana kwenikweni ndi a 2x12 (mbale ziwiri, magiya 12 kumbuyo), imene 11-34 yake imayenda 11, 12, 13, 14, 15. Koma imeneyo si nkhani ya thumba lathu.

Gogo wa gulu: Ndakhala chete ndikuwerenga. Ine ndinayamba kupalasa magiya asanafike kuno, ndiye ndingoti kufewa kwa njinga pa msewu wafumbi kwambiri kumachokera ku matayala. Anyamata mumapopa mpaka tayala kulira ngati ng'oma, kenako muziti msana ukuwawa chifukwa cha SRAM. Tayala la 40 silifuna mpweya wa njinga ya mpikisano. Tsitsani, muone. Bambo a Tadala, mufunse mlamu wanu kuti felemu iliyonse imalola tayala lalikulu bwanji. Derailleur ya kutsogolo nthawi zina imadya malo a tayala.

Amisiri a pa Limbe: Agogo anena zoona. N'chifukwa chake pa GRX anasunthira mbale ndi derailleur ya kutsogolo panja ndi mamilimita 2.5, kuti tayala lonenepa lipeze malo. Zotsatira zake, kalanka ya GRX imafuna derailleur ya kutsogolo ya GRX yomweyo, osasakaniza ndi ya pa tala.

Ndiwonjezere za mabuleki poti ali m'ma liva omwewo. Ngati onse ndi a mafuta, a Apex amamwa DOT, 5.1 kapena 4, ndipo DOT 4 ndi yomwe ija ya galimoto, muipeza paliponse mu Limbe muno. DOT 5 yopanda kadontho ayi, ndi ina. A Shimano amamwa mineral oil basi. Apa ndiye Apex yawina pa kupezeka. Ndinalandirapo njinga imene wokonza wina wa m'mbali mwa msewu anathiramo mafuta a buleki a galimoto m'mabuleki a mineral oil. Timalabala ta mkati tonse tinafufuma, liva n'kumangolowa mpaka pa handulo. Tinataya zonse. Safunsa anadya phula.

Bambo a Tadala (Chilomoni): Abale, mutu wadzaza. Liwiro, ungandibwereke yako Loweruka ndiilawe? Aphunzitsi, yanu ija si 46/30?

Aphunzitsi (Soche): Ndi yomweyo, kumbuyo 11-34 koma, ndiye ndi 0.88, yolemerako pang'ono kuposa imene mukufunayo. Bwerani. Tikumane pa Chilomoni 6 koloko dzuwa lisanakwiye.

Liwiro_Kanjedza: Ndibwera madala, koma mukaigwetsera kumanja hanger mugula 😂

*Loweruka madzulo*

Bambo a Tadala (Chilomoni): Ndabwerako, ndasamba, bondo ndaliika pa mpando. Nayi nkhani.

Ndinayamba ndi ya Liwiro. Kunena zoona njinga ija imakoma. Ili zii, palibe chogwedera, ndipo kusaganiza za dzanja lamanzere kumapepukitsa mutu. Pa mitsetse ndi pokhotakhota ndinkangomwetulira. DoubleTap inandipusitsa kawiri kokha, kachitatu ndinaigwira. Koma titafika pa chitunda china chachitali cha miyala yoyenda, ndinakankha liva kufuna giya ina, n'kupeza zatha. Ndinayang'ana kumbuyo kuti mwina yakana, ayi, tcheni chili kale pa 42. Ndinakwera ndithu, koma mopondereza, ndipo bondo linayamba kulankhula chapakati.

Tinatsika n'kubwereza chitunda chomwecho pa ya aphunzitsi. Poyambira ndinachedwa kutsitsa mbale, ndinasintha nditaponda kale mwamphamvu, inalira kuti gwedegwede mpaka aphunzitsi anagwira kumutu. Anandiuza kuti mbale ya kutsogolo umasintha chitunda usanachiyambe, ndipo phazi umalipepukitsa kaye. Itangolowa pa 30, ndinakwera nditakhala, ndikucheza ndi Anaphiri. Pamwamba ndinafika mochedwerapo kuposa poyamba, koma bondo lili phee. Agogo, matayala tinatsitsa mpweya monga munanenera, manja sanachite dzanzi.

Ndamuimbira mlamu, atenga GRX.

Liwiro_Kanjedza: Ndaluza mlandu koma munavomera kuti yanga ndi yokoma, zilembedwe.

Bambo a Tadala (Chilomoni): Zalembedwa mwanawe. Ukadzafika 47 udzandipeza.

Amisiri a pa Limbe: Muwauze alamu asabwere ndi njinga yokha. Matcheni awiri a magiya 10, timaloko take tolumikizira, makebulo awiri a magiya ndi chikopa chake, mapadi a buleki, kabotolo ka mineral oil, ndi hanger ziwiri. Hanger imayendera felemu, osati magiya, ndipo mitundu yake ndi yosawerengeka, ndiye apite ndi njingayo ku shopu akayerekeze pomwepo. Pokweza mu basi amasule derailleur ya kumbuyo, aikulunge mu nsanza n'kuimangirira mkati mwa felemu. Katundu wa pa basi ya ku Joni mukumudziwa mmene amapanikizidwira.

Mtchona wa ku Joni: Mlamuyo ali mbali iti? Ngati ali pafupi ndimuperekeze, ndikudziwa kogula zimenezi.

Bambo a Tadala (Chilomoni): Ndikutumizirani nambala yake kumbali achimwene.

Kabaza wa pa Lunzu: Ikafika pa depoti mundiimbire, ndidzakunyamulireni pa keliyala pamodzi ndi bokosi lake.